Manambala atatu pa ulendo umodzi: mtunda weniweni wa London ndi New York ndi uti?

Tamanda:
Moni nonse pa gulu. Pali nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Ndimafuna kudziwa kutalika kwa ulendo wa pandege kuchokera pa bwalo la Heathrow ku London kukafika pa bwalo la JFK ku New York. Ndafufuza pa masamba atatu a pa intaneti, ndipo lililonse landipatsa nambala yakeyake: lina 5,555, lina 3,451, lina 2,999. Nditasokonezeka ndinatsegula Flightradar24, tsamba loonetsa ndege zomwe zikuuluka, kuti ndidzionere ndekha ndege yomwe inali m'mwamba nthawi imeneyo. Mzere wake sunali wowongoka ayi, unapindika ngati uta, kukwera chakumpoto, kenako n'kutsikira ku Canada isanafike ku America. Tsono zoona ndi ziti? Ndipo n'chifukwa chiyani woyendetsa ndege akuzungulira chonchi, mafuta ali odula?

Dalitso:
Achemwali, manambala atatuwo onse ndi oona, angosiyana muyeso. 5,555 ndi makilomita. 3,451 ndi mamailosi a pamsewu, ndipo mailosi imodzi ndi mamita 1,609. 2,999 ndi mamailosi a panyanja, omwe oyendetsa ndege ndi sitima amagwiritsa ntchito, imodzi ndi mamita 1,852. Chulukitsani 2,999 ndi 1.852 muone ngati simufika pomwepo.

Tamanda:
Ndachulukitsa, yatuluka 5,554. Zikomo achimwene, mbali imeneyo yatheka. Koma za uta uja bwanji?

Aphunzitsi a Banda:
Mwana wanga Tamanda, ndege ija sinazungulire. Amene wakunamiza ndi mapu.

Ndaphunzitsa jogalafe zaka zambiri, ndipo chinthu ichi ndimachionetsa ndi manja chifukwa pakamwa pokha sichimveka. Peza mpira wa dziko uja umakhala m'kalasi, ndi kaulusi. Dinda chala chimodzi pa London, china pa New York, ndiye ukoke ulusiwo mpaka ulimbe. Usauuze kodutsa, ungoukoka. Udzaona wokha ukukagona pa Ireland, kuwoloka nyanja ya Atlantic chakumpoto, n'kukhudza Newfoundland, kenako kutsika m'mbali mwa gombe mpaka ku New York. Ulusi wokokedwa sungatenge njira yaitali. Pomwe wagonapo ndiye pachidule penipeni.

Mzere umenewu a ndege amautcha great circle. Tanthauzo lake n'lakuti ukapitiriza mzerewo osakhota, uzungulira dziko lonse n'kuligawa pakati ndendende, zigawo ziwiri zofanana.

Vuto ndi lakuti mapu omwe tinazolowera ndi afulati pamene dziko ndi lozungulira. Mapu ambiri amatsatira kajambulidwe ka Gerardus Mercator ka mu 1569. Iye ankathandiza amalinyero: ukalemba mzere wowongoka pa mapu ake, kampasi imaloza mbali imodzi ulendo wonse, osasintha. Kuti zimenezo zitheke anatambasula maiko a kumpoto ndi a kum'mwera kwambiri. N'chifukwa chake Greenland imaoneka ngati ikulingana ndi Africa, chonsecho Africa ndi yaikulu kuiposa pafupifupi ka 14. Mapu otambasulidwa chotero akakuonetsa njira yachidule, imaoneka yopindika.

Yamikani:
Aphunzitsi, mwaulemu ndithu, ine sindinakhutire. Ndinamva kuti ndege zimadutsa kumpotoko pofuna kukhala pafupi ndi mabwalo ena, kuti injini ikavuta azitera msanga. Si chifukwa chenicheni chimenecho?

Aphunzitsi a Banda:
A Yamikani, zomwe munamvazo zili ndi mbali yake yoona, ndipo ena pano azifotokoza bwino kuposa ine. Koma ngakhale kukanakhala kopanda bwalo ndi limodzi lomwe ku Ireland, ku Iceland kapena ku Canada, njira yachidule ikanadutsabe komweko.

Tengani chitsanzo ichi. Madrid ndi New York zili pa latitude (muyeso wa kutalika kuchoka pa ikweta) yofanana, pafupifupi madigiri 40 ndi theka kumpoto. Pa mapu mungati ndege ingolunjika kumadzulo basi. Mukatsata mzere wa latitude umenewo muyenda makilomita pafupifupi 5,930. Mukayamba mwalozako chakumpoto pang'ono n'kudzatsika pambuyo pake, muyenda pafupifupi 5,760. Yooneka yokhotayo ndi imene yafupika ndi makilomita oposa 150.

Yamikani:
Chitsanzo cha Madrid chandigwira. Ndikayesa ndi ulusi.

Chisomo:
Ndiloleni ndionetse momwe nambalayo imapezekera, chifukwa si matsenga, aliyense ali ndi kakyuleta ya pa foni angathe.

Bwalo lililonse lili ndi malo ake olembedwa mwa latitude ndi longitude (muyeso wa kum'mawa kapena kumadzulo). Heathrow ili pa madigiri 51.47 kumpoto ndi 0.45 kumadzulo. JFK ili pa 40.64 kumpoto ndi 73.78 kumadzulo. Kusiyana kwa longitude ndi 73.33.

Chomwe tikufuna ndi ngodya yomwe mabwalo awiriwa amapanga tikawayang'ana titaima pakatikati pa dziko. Chulukitsani sin ya 51.47 ndi sin ya 40.64, mupeza 0.5095. Kenako chulukitsani cos ya 51.47, cos ya 40.64 ndi cos ya 73.33, mupeza 0.1356. Phatikizani ziwirizo, ndi 0.6451. Funsani kakyuleta kuti ndi ngodya iti yomwe cos yake ndi 0.6451, ikuuzani madigiri 49.83.

Tsono digiri imodzi pa nkhope ya dziko ndi makilomita pafupifupi 111.2, chifukwa kuchokera pakati pa dziko kufika pomwe tapondapa ndi makilomita 6,371. Chulukitsani 49.83 ndi 111.2. Yankho ndi pafupifupi 5,540.

Chenjezo limodzi: onetsetsani kuti kakyuleta ili pa DEG osati RAD, apo ayi itulutsa zachilendo.

Tamanda:
Ndatsatira mzere ndi mzere ndipo yatuluka pafupifupi 5,540 ndithu, mtima wanga wasangalala. Koma a Chisomo, tsamba lija linati 5,555. Makilomita 15 apita kuti?

Chisomo:
Funso labwino kwambiri. Masamu ndakupatsaniwo akuyesa dziko ngati mpira wozungulira bwinobwino, pamene dziko lenileni ndi lophwatalala pang'ono kumpoto ndi kum'mwera, lotupa pa ikweta. Kuchokera pakati kufika pa ikweta ndi makilomita 6,378, koma kufika ku nsonga ya kumpoto ndi 6,357. Masamba ena amagwiritsa ntchito mpira wosavutawo, nthawi zambiri kudzera mu njira yotchedwa haversine. Ena amagwiritsa ntchito WGS 84, muyeso wa dziko womwe GPS imatsatira, pamodzi ndi masamu a Thaddeus Vincenty a mu 1975. Amenewa ndi omwe amapeza 5,555. Kusiyana kwa njira ziwirizi nthawi zambiri sikupitirira theka la peresenti imodzi. Kwa ine ndi inu zilibe kanthu, kwa wojambula mapu zili ndi kanthu.

Dalitso:
Ndiwonjezereko pa za mailosi ya panyanja, chifukwa masamu a Chisomo akuonetsa ubwino wake. Digiri imodzi ili ndi tizigawo 60 totchedwa maminitsi, ndipo mailosi ya panyanja inachokera pa minitsi imodzi ya latitude. Ndiye ukangopeza ngodya, chulukitsa ndi 60 basi: 49.83 kuchulukitsa ndi 60 ndi 2,990. Maiko anagwirizana za mamita 1,852 aja mu 1929 ku Monaco. Liwiro lomwe oyendetsa ndege amalitchula kuti knot ndi mailosi ya panyanja imodzi pa ola.

Mayi a Tadala:
Ine masamuwa andipitirira, koma ndili ndi changa chomwe ndinachiona ndi maso. Ndinayendapo ulendo womwewu popita ndi pobwera. Popita ku New York tinakhala m'mwamba pafupifupi maola 8, miyendo mpaka kutupa. Pobwerera ku London sanakwane ndi 7 omwe. Ndinkayang'ana kasikirini ka kumbuyo kwa mpando, kandege kakuyenda pa mapu, ndipo nambala ya liwiro inali yokwera kwambiri pobwerapo kusiyana ndi popita. Ngati mtunda ndi womwewo, ola lathunthu likusowa bwanji?

Yamikani:
Amayi, si chifukwa choti dziko limazungulira pansi pa ndege? Ndege ili m'mwamba, dziko likuyenda, ndiye bwalo limabwera kudzakumana nayo.

Aphunzitsi a Banda:
Ayi a Yamikani, apa ndikukanirani ndithu. Dziko limazungulira kulowera kum'mawa. Zikanakhala momwe mukunenera, New York ndi imene ikanathamangira ndege yochokera ku London, ndipo ulendo wa kumadzulo ukanakhala waufupi. Koma amayiwa akuti wa kumadzulo ndi umene unatalika. Mpweya umazungulira limodzi ndi dziko, ndipo ndege imanyamuka ili kale ndi liwiro la dzikolo. Yankho lili mu mphepo.

Kondwani:
Pepani ndafika mochedwa, ndinali pa shifiti. Ntchito yanga ndi yokonza mapulani a maulendo a ndege zisananyamuke, ndiye nkhaniyi ndi ya tsiku ndi tsiku kwa ine. Aphunzitsi anena zoona.

Pamwamba pomwe ndege zazikulu zimauluka, makilomita 9 mpaka 12 kuchokera pansi, pali mtsinje wa mphepo wotchedwa jet stream. Umayenda kuchokera kumadzulo kulowera kum'mawa, ndipo nyengo yozizira umatha kupitirira makilomita 200 pa ola, nthawi zina 300. Ndege imadula mpweya pa liwiro la makilomita pafupifupi 900 pa ola. Mphepoyo ikakhala kumsana, liwiro loyezera pansi limakwera. Ikakhala kumaso, limatsika. Zomwe munaona pa kasikirini kaja, amayi, ndi liwiro loyezera pansi. Mu February 2020, nthawi ya namondwe Ciara, Boeing 747 ya British Airways inachoka ku New York n'kutera ku Heathrow patangotha maola 4 ndi maminitsi 56. Injini zinali zomwezo za masiku onse, mphepo ndi imene inaikankha.

Tsono mvetsetsani ichi, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezekera. Ife tikamakonza ulendo sitifunsa kuti njira yaifupi ndi iti. Timafunsa kuti njira yodya mafuta ochepa ndi nthawi yochepa lero ndi iti. Popita kum'mawa timaifunafuna mphepo ija kuti tiikwere, ngakhale itipatutse makilomita mazana. Popita kumadzulo timaithawa. Pa nyanja ya Atlantic pali misewu ya m'mwamba yomwe imajambulidwa mwatsopano tsiku lililonse motsatira mphepo, ndipo oyang'anira a ku Gander ku Canada ndi a Shanwick mbali ya ku Britain ndi Ireland ndi amene amaiyendetsa. Njira ya dzulo si ya lero.

Pa pepala la pulani timalemba mitunda iwiri. Wina ndi wa pansi, malo omwe mthunzi wa ndege wadutsa. Wina ndi wa mumpweya, kuchuluka kwa mpweya womwe ndege yadula. Mafuta amawerengedwa pa wachiwiriwo. Great circle timaiyang'ana ngati poyambira chabe: ndi nambala yomwe mtunda wa pansi sungatsike kuiposa, koma kawirikawiri timaipitirira.

Mayi a Tadala:
Bambo Kondwani, mwandimasula. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti woyendetsa wa pobwera uja anali wachangu kuposa mnzake.

Tamanda:
Akulu, kupatula mphepo, china chomwe chimakuchotsani pa mzere wa ulusi uja n'chiyani?

Kondwani:
Zilipo zingapo, koma ziwiri ndi zazikulu.

Choyamba ndi chomwe a Yamikani anakhudza. Ndege ya injini ziwiri ili ndi malire a kutalika komwe ingapite kuchoka pa bwalo loti ingatere injini imodzi itazima. Kale malirewo anali maminitsi 60. Mu 1985 malamulo otchedwa ETOPS analola maminitsi 120, mu 1988 anafika 180, ndipo lero Airbus A350 imaloledwa mpaka 370. Malire akamakula, njira imayandikira kwambiri ku great circle. Izi zimaoneka bwino kum'mwera kwa dziko, komwe kuli nyanja yokhayokha. Johannesburg ndi Sydney zatalikirana makilomita pafupifupi 11,000, ndipo ulusi wake umatsikira kum'mwera kwambiri, moti masiku ena okwera amaona madzi oundana a kufupi ndi Antarctica pa windo. Kumeneko mabwalo opatukirako ndi osowa, ndiye mtundu wa ndege umasankha njira.

Chachiwiri ndi mlengalenga wotsekedwa. Mlengalenga uli ndi eni ake. Kuyambira 2022 ndege za maiko ambiri a ku Europe siziloledwa kudutsa pamwamba pa Russia. Helsinki ndi Tokyo sizinasunthe, mtunda wake wa ulusi ukadali wosafika makilomita 8,000, koma ulendo wa Finnair womwe unkatenga maola 9 ndi theka unafika pafupifupi maola 13, nthawi zina kudzera ku nsonga ya kumpoto kwa dziko. Mukafunsa tsamba lowerengera mtunda, likupatsani nambala yakale yomweyo ngati palibe chasintha.

Zotsalazo ndi zazing'ono koma zimaunjikana: ndege imanyamuka moyang'anizana ndi mphepo ngakhale komwe ikupita kuli kumbuyo, imatsata njira zoikika potuluka ndi polowa, imalambalala mitambo ya mabingu, ndipo pa bwalo lotanganidwa imatha kuzungulira m'mwamba kudikira mpata wotera.

Chisomo:
Chomwe chimandichititsa chidwi ndi ulendo wa Singapore ndi New York, womwe ndi wautali kuposa onse osaima panjira, makilomita pafupifupi 15,350 pa A350 ya Singapore Airlines, maola 18 kapena kuposa. Ulusi wake umadutsa kufupi ndi nsonga ya kumpoto. Koma mukamaitsata pa Flightradar24, nthawi zambiri popita ku New York imadzera ku Pacific, ndipo pobwerera imadzera ku Atlantic ndi Europe. Ndiye kuti mbali zonse ziwiri ikulowera kum'mawa, kutsata mphepo, mpaka kuzungulira dziko lonse.

Yamikani:
Funso lina, mundipirire. Ndege ikakwera m'mwamba, si ndiye kuti ikuyenda pa mkombero waukulu kuposa wa pansi? Mtunda suwonjezeka?

Chisomo:
Umawonjezeka, mwaganiza bwino, koma pang'ono zedi. Makilomita 11 a m'mwamba pa 6,371 a dziko sakwana ndi gawo limodzi mwa magawo 500. Pa ulendo wa London ndi New York ndi makilomita pafupifupi 10, omwe ndege imawamaliza isanathe minitsi imodzi.

Limbani:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mwina ena akuona ngati nkhaniyi ndi ya masamu okhaokha, koma ine inandikhudza m'thumba. Ndege yanga inachedwa maola ambiri pa ulendo wina wa ku Europe, wolumikiza pa bwalo lapakati. Polemba dandaulo ndinaphatikiza mitunda ya zigawo ziwiri zonse, n'kupeza kuti ndadutsa makilomita 1,500. Kampaniyo inayankha kuti ayi, ulendo wanga uli m'gulu la pansi. Ndinakwiya kwambiri, ndinkaona ngati akundibera.

Nditawerenga lamulo lenilenilo, la European Union nambala 261 la mu 2004, ndinapeza kuti chipukuta misozi chimagawidwa pa malire a makilomita 1,500 ndi 3,500, ndipo lamulolo limanena poyera kuti muyeso wake ndi great circle. Komanso khothi la European Union linagamula mu 2017, pa mlandu wa ulendo wochoka ku Rome kupita ku Hamburg kudzera ku Brussels, kuti amayeza kuchokera pomwe wanyamukira kufika pomwe ukuthera, osaphatikiza kokhotera. Sindikugwirizana nazo kwenikweni, chifukwa thupi langa linayenda zigawo zonse ziwiri ndipo kutopa kwake kunali kwa zonse ziwiri. Koma lamulo ndi limenelo, ndipo ndikanadziwa poyamba sindikanataya masabata ndikulemba makalata.

Kondwani:
Pepani achimwene, zimawawa. Koma ndikuona chifukwa chake anasankha muyeso umenewo. Mtunda womwe ndege yayendadi umasintha tsiku ndi tsiku, ndipo aliyense akanabwera ndi nambala yake. Wa ulusi susintha, ndipo wokwera aliyense angathe kuuwerengera yekha monga achitira a Chisomo pamwambapa. Pa nkhani ya milandu ndi mapointi a okwera pafupipafupi, nambala yosasinthayo ndi imene imathandiza. Pa nkhani ya mafuta ndi utsi, siikwanira, n'chifukwa chake owerengera utsi wa ndege amawonjezerapo makilomita ena pamwamba pake.

Dalitso:
Ndipo polemba pa masamba owerengerawo, gwiritsani ntchito zilembo za bwalo, osati dzina la mzinda. London ili ndi Heathrow, Gatwick, Stansted, Luton ndi City. New York ili ndi JFK, LaGuardia ndi Newark. Zilembo zitatu zomwe zili pa tikiti ndi pa chikwama, monga LHR ndi JFK, ndi za IATA, bungwe la makampani a ndege. Zilembo zinayi, monga EGLL ndi KJFK, ndi za bungwe la United Nations loona za maulendo a ndege la ICAO, zomwe a Kondwani amalemba pa mapulani awo. Mukangolemba London, tsamba lina limayeza kuchokera pakati pa mzinda, ndipo nambala isiyana ndi ya mnzanu popanda wolakwa.

Aphunzitsi a Banda:
Tamanda, ulusi uja usaupeputse. Charles Lindbergh asanauluke yekha kuchoka ku New York kupita ku Paris mu 1927, anayeza mtundawo ndi chingwe pa mpira wa dziko mu laibulale ya ku San Diego. Kenako anadula great circle yake m'zidutswa za mamailosi 100, chidutswa chilichonse n'kusintha pang'ono komwe kampasi ikuloza. Anauluka maola 33 ndi theka. Pa great circle kampasi siikhazikika malo amodzi, ndiye kusiyana kwake ndi mzere wa Mercator uja. Lero kompyuta ya mu ndege ndi imene imasintha mosalekeza.

Tamanda:
Aphunzitsi, ndachita. Ndabwereka mpira wa dziko ndi tepi yoyezera. Kuzungulira pa ikweta yakwana masentimita 94. Ulusi wochoka pa London kufika pa New York wakwana masentimita 13, ndipo wagonadi pa Ireland ndi Newfoundland momwe munanenera, ndinayesa kuukankhira kum'mwera koma ukalimba umabwerera pomwepo. Ndagawa 13 ndi 94, n'kuchulukitsa ndi 40,000, omwe ndi makilomita ozungulira dziko lenileni, yatuluka 5,532. Ndinakhala kaye chete ndikuyang'ana kaulusiko.

Yamikani:
Inenso ndayesa ya Madrid. Ulusi wakwera kumpoto ndithu, wasiya mzere wa 40 pansi pake. Tsopano ndikufuna kuyesa Johannesburg ndi Sydney, koma chitsulo chogwirira mpirawu chikunditchinga kum'mweraku.

Chisomo:
Masulani kasikuluwu ka pansi, mpirawo umachoka. Mukayeza mutiuze masentimita, pa mpira wa 94 muyenera kupeza pafupifupi 26.